Kwa mdzukulu wofunsa za maganizo

Mdzukulu wanga wa Fomu 3 ku Linthipe wandifunsa kuti, "Agogo, mumatiumiriziranji kuwerenga nthano ndi ndakatulo, pomwe foni imayankha chilichonse? Nanga maganizo amunthufe amachokera kuti?"

Wafunsa bwino mwanawe, khala pansi.

Ife tili ana, tikatha kudya nsima madzulo tinkazungulira moto, wamkulu n'kuponya ndagi: "Nyumba ya amayi yopanda khomo." Pompo zii. Mtima unkayendayenda, kusuzumira m'nkhokwe, mumphika, pachulu, mpaka dzira n'kutulukira lokha, iwe n'kudumpha ndi chimwemwe. Likatikanika tinkapereka ng'ombe yapakamwa kuti atiululire. Kachetechete kaja ndiko kankanola nzeru. Foni sindikuida ayi, inenso ndimalandirirapo ndalama, koma imakupatsa dzira usanalisake, mawa lake waiwala.

Buku limakuchedwetsa dala. Umalowa mumtima wa munthu amene sudzamuona, n'kumva nsanje yake, mantha ake, ngakhale chifukwa chimene anabera. Ukatero sufulumira kuweruza mnzako. Pabwalo la milandu ndaona kuti nduna zodziwa kudula nkhani ndi zija zimamvetsera mbali zonse mpaka kumapeto, osati zothamangira kuyankha. Ukawerenga uzifunsanso kuti, kodi wolembayu akunena zoona? Nafenso akulu uzitifunsa, koma mwaulemu, mnzako atamaliza kulankhula.

Funso lako lachiwirilo limandigoneka mochedwa ngakhale ndi imvi zangazi. Aphunzitsi ako akuuza za ubongo, ndipo sakunama. Komabe ndimadabwa kuti dzina limene landisowa tsiku lonse limabwera lokha ndikupalira mbatata, ndipo nyimbo ya malemu amayi imandipeza pachitsime ndisanaiitane.

Kuno kwathu ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, UNESCO, lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira adajambula ndi Akafula, zoyera ndi makolo athu Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi nyau. Munthu wina adaima pansi pa thanthwe ali ndi ganizo, osafuna kuti life naye, n'kuviika chala mu utoto. Ine ndikafikapo ndimayamba kunong'ona ngati ndalowa m'nyumba ya eni.

Loweruka ubwere m'mamawa tipite ku Chentcherere, amodzi mwa malo a zojambulawa. Foni ikakhale m'thumba, ndipo usakalembepo dzina lako ndi khala monga achitira anzako ena. Ukayang'ane kaye, zimene waona udzandiuza pobwerera.