Khondowe kapena Karonga, masiku ali awiri okha

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Akubwera kuno ku Mzuzu ku ukwati wa mng'ono wake, ndipo ukwati ukatha adzatsala ndi masiku awiri okha. Akufunsa kuti apite ndi ana ku Livingstonia kapena ku Karonga.

Mayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa landikumbutsa agogo anga aamuna. Iwo anaphunzira ukalipentala ku Khondowe, kumene kuli mishoni ya Livingstonia, ali mnyamata, ndipo mpaka ukalamba wawo malowo ankangowatchula kuti "kuphiri". Nthawi zonse ankandiuza kuti tidzakwere limodzi akandionetse pamene ankapalira matabwa. Ine ndinkangoti chaka chamawa agogo, ntchito yandichulukira. Ndinakhala mu Mzuzu muno zaka 9, ndikudutsa pa Chitimba kambirimbiri pokapikula mpunga wa kilombero ku Karonga, osakhotera kuphiriko ngakhale kamodzi. Anatisiya tisanapite.

Ndinakwera ndekha patatha miyezi itatu chiikireni maliro. Ndinakwera matola pa Chitimba, tinadzera msewu wa Gorodi uja wa makona pafupifupi 20, nyanja ikunka itsalira pansi. Pofika pamwamba kunali kamphepo kozizira ndi fungo la mitengo ya paini. Ndinamvetsa chifukwa chimene Dr Robert Laws, mtsogoleri wa mishoniyo, anasankhira malowa. Mishoni inayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo anawathamangitsa, anasamukira ku Bandawe mu 1881, nakonso manda anachuluka, mpaka mu 1894 anakwera ku Khondowe. Mu Stone House, nyumba yamiyala ya mu 1903 imene pano muli zinthu zakale, ndinakhalitsa ndikuyang'ana mafelemu a mawindo ndi zitseko. Ndinkawasisita ndi dzanja ndikuganiza za manja a agogo.

Panja pa nyumbayo pali chinthu chimene ndikufuna ana anu akachione, mawu oyalidwa pansi. Mu 1959, dziko litavuta pa nthawi ya chitaganya, ndege ya boma inaponya uthenga wofunsa azungu a pamishoni ngati akufuna kuwachotsa. Iwo pamodzi ndi anthu akuda anayala pansi mawu akuti Aefeso 2:14 kuti a m'ndege awerenge, vesi lonena kuti Khristu ndiye mtendere wathu, amene anagumula khoma lotilekanitsa. Sanachoke.

Sindikunyoza Karonga ayi. Ku nyumba yosungira zakale imene inatsegulidwa mu 2004 kuli chimafupa cha Malawisaurus, chinyama chakalekale cha mtundu wa dinosaur, ndipo palibe mwana amene angachione osatsegula pakamwa. Kuli mbiri ya Mlozi, wogulitsa akapolo amene ananyongedwa mu 1895, kulinso manda a asilikali amene anafa pa nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani mu September 1914. Koma Karonga ndi tauni yamalonda, yotentha, ya njinga ndi malole opita ku Songwe. Mbiri yake muyenera kuisakasaka. Ku Khondowe mbiri mumaiponda ndi mapazi, kuchokera kutchalitchi kupita ku chipatala cha David Gordon Memorial mpaka ku yunivesite, zonse poyenda pansi. Ndiye ndinene mosapsatira: kupita ku Karonga ndi masiku awiri n'kuwononga masikuwo. Ndi mtunda wopitirira makilomita 200, mukangofika mwatopa, mawa lake mukubwerera.

Ndipo chimandiwawa n'chakuti ife a mu Mzuzu muno tikapeza tchuthi timangothamangira ku Nkhata Bay kukadya batala ndi kujambulitsa zoika pa Facebook. Nyanja ndi yabwino, inenso ndimaikonda. Koma ndakumana ndi achinyamata ambiri obadwira ku Chibavi ndi ku Katawa, oimba kwaya mu CCAP ya Sinodi ya Livingstonia, amene sanaonepo malo amene dzinalo linachokera. Levi Mumba, mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, anaphunzira kumeneko. David Kaunda, bambo ake a Kenneth Kaunda, anachokeranso m'manja mwa mishoni yomweyi. Ana athu amaziloweza pokonzekera mayeso basi.

Za mayendedwe

Ngati galimoto yanu ndi yaing'ono, kapena mvula yayamba, msewu wa Gorodi muusiye, mudzere wa ku Njakwa cha ku Rumphi. Nyamukani m'mamawa, tengani majuzi a ana ndi ndalama zapamanja zokwanira. Tsiku loyamba Stone House ndi tchalitchi, lachiwiri m'mawa mathithi a Manchewe, ndipo kumeneko ana muwagwire padzanja chifukwa phompho lake ndi lakuya zedi. Ngati mayi anu kapena apongozi abwera nawo ku ukwatiko, musawasiye ku Mzuzu, apezereni malo m'galimotomo.