Mausi kaye, kiyibodi ibwere pambuyo: kuyankha mnzathu wa magemu

Pa maimelo amene alowa sabata ino pali ina yochokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba, dzina lake tilisunge. Mwachidule akuti wakhala akusunga kandalama pang'onopang'ono, ali ndi kompyuta ya padesiki yomwe anagula kwa munthu, amasewera kwambiri Counter-Strike 2 (CS2) ndi Fortnite, nthawi zina GTA V, ndiye anzake akabwera Loweruka amamenya mpira wa pa kompyuta. Mausi ndi kiyibodi zomwe ali nazo ndi za mu ofesi zija zimabwera limodzi ndi kompyuta. Mu shopu ina waona bokosi la zinthu zinayi pamodzi, kiyibodi, mausi, mahedifoni ndi kamphasa ka mausi, zonse zowala mitundumitundu, pabokosipo alembapo DPI yochititsa mantha. Funso lake ndi loti agule bokosilo kapena ndalamayo aigawe bwanji.

Achimwene, bokosi lija lisiyeni pomwepo pashelefu. Ndalama yomwe muli nayo, gawo lalikulu lipite ku mausi, kagawo kena ku mphasa yaikulu ya nsalu, kiyibodi ya mu ofesiyo ipitirize kaye ntchito mpaka mutasunganso ina. Mu magemu owomberana ngati CS2 dzanja lamanja ndi lomwe limapha kapena kuphetsa, lamanzere ntchito yake yaikulu ndi W, A, S, D, Shift, Ctrl ndi Space, ndipo mabatani amenewa ngakhale kiyibodi yotchipa imawakwanitsa. Opanga mabokosi a zinthu zinayi aja amadziwa kuti maso ndi amene amagula, ndiye ndalama yonse imathera pa magetsi owalawala, sensa ya mkati mwa mausi, kadiso kowerenga mmene mausi ikuyendera, amaikamo yotsika mtengo kwambiri. Mudzaiona tsiku lomwe mdani wakutulukirani kumbuyo, mwakoka dzanja mwamphamvu kuti mutembenuke, mfuti n'kuloza pansi kapena kumwamba yokha chifukwa sensa yasokonezeka ndi liwiro. Zimenezo sizikonzeka ndi masetingi ayi.

Tiyambe ndi DPI popeza ndi yomwe yakukopani. Nambalayi imangonena kuti mukasuntha mausi inchi imodzi, masentimita 2.54, kamuvi ka pa sikirini kayenda timadontho tingati. Sikirini wamba ya 1080p ili ndi timadontho 1920 chopingasa. Pa 800 DPI mukufunika kusuntha dzanja pafupifupi masentimita 6 kuti kamuvi kachoke mbali ina kukafika mbali ina. Pa 8000 DPI mtunda womwewo watha pa mamilimita 6 okha, tangoyesani kulunjika mutu wa munthu ali patali ndi zimenezo, kupuma kokhako mfuti yasuntha kale. N'chifukwa chake osewera ambiri a mipikisano ya Counter-Strike amakhala pa 400 kapena 800, ena 1600, ngakhale mausi zawo zimatha kufika 25,000 ndi kupitirira. Nambala yaikulu pa bokosi ndi ya otsatsa malonda. Inuyo ikani 800, mu gemu mutsitse sensitivity mpaka kutembenuka kuzifuna mkono wonse osati kadzanja kokha, ndipo mu masetingi a mausi a Windows muchotse kachizindikiro pa Enhance pointer precision, kameneka kamapangitsa kuti mtunda wa kamuvi uzisintha malinga ndi liwiro la dzanja ndiye dzanja silizolowera chinthu chimodzi. Masiku oyamba mudzaona ngati mukusewera mmatope, pirirani, musamasinthesinthe manambala tsiku lililonse.

Nambala yomwe ili ndi ntchito ndi polling rate, kuti mausi imauza kompyuta kangati pa sekondi pomwe yafika. Za mu ofesi zambiri ndi 125 Hz, kutanthauza kamodzi pa ma millisecond 8 aliwonse, pomwe za magemu ndi 1000 Hz, kamodzi pa millisecond imodzi. Kusiyana kumeneko kumamveka mdzanja. Koma za 4000 ndi 8000 Hz zatuluka zaka zino musavutike nazo, ngati sikirini yanu ndi ya 60 Hz imasintha chithunzi pakatha ma millisecond pafupifupi 17, ndiye zinazo simungazione komanso zimangolemetsa purosesa ya kompyuta yakaleyo. Ndiponso ife kuno tikamasewera CS2 nthawi zambiri timagwera pa seva ya ku Johannesburg, ping ya intaneti yanu, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako, ikukuchedwetsani kwambiri kuposa kanthu ka theka la millisecond komwe anthu a pa YouTube amakanganirana.

Chachikulu zedi, chomwe palibe bokosi lingakuuzeni, ndi mmene mausi ikukhalira mdzanja lanu. Ili ngati nsapato ya pa kaunjika, ikhoza kukhala ya dzina koma ngati ikuthina ndiye kuti si yanu. Tengani rula muyeze kuchokera pa mzere wa pamkono pomwe chikhatho chimayambira kukafika kunsonga ya chala chapakati, amuna ambiri zimakhala pakati pa masentimita 17 ndi 20. Kenako muone mmene mumagwirira mausi mukaiwala kuti wina akukuonani. Ena amagoneka chikhatho chonse pamwamba, zala zitatambasuka. Ena amapinda zala ngati zikhadabo, nsonga zokha n'kumadina, kumbuyo kwa chikhatho kutatsamira pang'ono. Ena amangogwira ndi nsonga za zala, chikhatho chili mmwamba. Wogoneka chikhatho wa dzanja lalikulu amasangalala ndi mausi yautali ya linunda ngati Razer DeathAdder, yomwe inatuluka koyamba mu 2006, koma dziwani kuti inapangidwira dzanja lamanja lokha. Wa dzanja laling'ono kapena wopinda zala amapeza bwino pa kakang'ono ngati Logitech G102, mmaiko ena amaitchula G203 koma ndi chinthu chimodzi, imalemera magalamu 85, ili ndi mabatani 6 kuphatikizapo awiri a pambali pa chala chachikulu. Awiri a pambaliwo mu Fortnite ndi golide, mumaikapo khoma ndi masitepe ndiye dzanja lamanzere silichoka pa W.

Mukandifunsa ine, pa ndalama yochepa G102 ndi poyambira pabwino, ndipo DeathAdder Essential ikubwera pambuyo pake ngati dzanja ndi lalikulu. Ambiri amathamangira G502 chifukwa imaoneka ngati ndege yankhondo, mabatani 11, koma ya waya ija ndi magalamu 121 musanaikemo n'komwe tizitsulo towonjezera kulemera. Ya GTA ndi ntchito zina ili bho, koma kuikoka uku ndi uku maola atatu mu CS2 mkono umatopa. Masiku ano zinthu zikupita kopepuka, G Pro X Superlight ya 2020 ndi magalamu 63 okha, mtengo wake nawo ndi wa anthu ena osati ife.

Za waya kapena zopanda waya, nkhani yoti yopanda waya imachedwa inali yoona kale. Panopo zomwe zimabwera ndi kadongo kake ka USB ka 2.4 GHz zimathamanga chimodzimodzi ndi za waya, mwachitsanzo G305 yomwe imadya batire limodzi la AA ndipo a Logitech amati limatha maola 250. Chomwe muyenera kupewa ndi Bluetooth, imeneyo ndi ya mu ofesi, mu gemu mudzalira nayo. Komabe kwa munthu amene akuwerengera kwacha iliyonse ndingati tengani ya waya, palibe za mabatire, palibe zoti kadongo kasowa mwana wa achemwali atakatola, ndipo kakasowa mausi yonse yasanduka chidole.

Apa tsopano chenjerani, G102 ndi imodzi mwa mausi zomwe zili ndi mafeki ambiri pamsika. Bokosi lofanana, chizindikiro chofanana, imawala bwinobwino, mkati muli zina. Njira yosavuta ndi pulogalamu ya Logitech G HUB, ya ulere, olijino ikalumikizidwa imaoneka mmenemo ndi dzina lake ndipo mumatha kusintha DPI, feki nthawi zambiri siioneka n'komwe. Za Razer pulogalamu yake ndi Synapse. Ngati muli ndi laputopu kapena mnzanu ali nayo, ikani pulogalamuyo kunyumba mupite nayo ku shopu, wogulitsa akakana kuti muyese ndiye kuti wakuyankhani kale. Mtengo ukatsika kwambiri mosadziwika bwino, nawonso ndi yankho. Amene ali ndi abale ku Joni amatha kuitanitsa ku mashopu ngati Wootware, Evetech kapena Takealot n'kutumiziridwa ndi munthu wobwera pa basi, kungoti chikafa msanga kuchibweza kuti akusinthireni ndi chintchito. Yogula kwa munthu nayo si yoipa bola muyese batani lakumanzere modekha: gwirani fayilo pa desktop muikoke uku ndi uku osasiya, ikamagwa yokha panjira kapena kudina kamodzi kukamatsegula zinthu ngati mwadina kawiri, kasiwichi kamkati katha, musagule pokhapokha ngati mukudziwa wa mafoni amene amawotcherera bwino.

Mphasa musainyoze. Kaja ka mubokosi kamakhala kakang'ono, pa 800 DPI mausi izingogwera kunja. Pezani ya nsalu yosachepera masentimita 40 mulifupi, dzina lilibe ntchito kwenikweni, ikada muichape ndi sopo pang'ono n'kuyanika pamthunzi.

Tibwere ku kiyibodi. Musanaganize zogula, iyeseni yomwe muli nayoyo. Tsegulani Notepad, dinani W ndi A pamodzi osasiya, onjezani batani lina lapafupi ngati E, R kapena Q muone ngati likulembeka, kenako mulowe mu gemu muyese kuthamanga chammbali mutagwira Shift n'kudumpha. Makiyibodi otchipa ena mabatani atatu kapena anayi akadinidwa limodzi, limodzi limangosowa, ndi zomwe amazitcha ghosting zija, ndipo pabokosi la yabwino amalemba anti-ghosting kapena N-key rollover. Ngati yanu ikudutsa mayeso amenewa palibe changu chilichonse.

Tsiku lomwe mudzagule, gulani mechanical yeniyeni. Ya mu ofesi pansi pa mabatani pali chimphira chimodzi chachikulu, pomwe mechanical batani lililonse lili ndi siwichi yakeyake ya sipuling'i, imagwira batani litangotsika mamilimita 2 pa 4, ndipo imakhalitsa. Mabokosi ambiri amalemba mochenjera kuti mechanical feel, imeneyo ndi mphira yomweyo yavala suti. Pemphani kuti muzule batani limodzi, pansi pake pazioneka kamtanda ka pulasitiki kofiira, kabulawuni kapena kabuluu. Mitundu imeneyi inayamba ndi kampani ya ku Germany ya Cherry, ndipo patent yawo, chiphaso choletsa ena kukopera, itatha, makampani a ku China monga Gateron, Kailh ndi Outemu anayamba kupanga zofanana motchipa, n'chifukwa chake lero kuli makiyibodi ngati Redragon K552 omwe munthu wamba angawafikire. Yofiira imatsika myaa popanda chopinga, ambiri a magemu amakonda imeneyo. Yabulawuni ili ndi kabampu pang'ono pakati, yabwino ngati mumalembanso ma assignment. Yabuluu imalira kuti tcheke tcheke batani lililonse, mu shopu imakoma kumva, koma ngati mumagona chipinda chimodzi ndi ena kapena khoma la nyumba ndi lopyapyala, pofika 11 koloko usiku nyumba yonse idzakhala adani anu. Ikakhala yolembedwa hot-swap ndi bwino kwambiri, siwichi imodzi ikafa mumangoizula n'kuika ina osawotcherera, ndipo ndi fumbi lathu la mu October lija zimachitika ndithu, muziifunditsa kansalu mukamaliza.

Kukula kwake nako muganizire. Yopanda manambala a kumanja, yomwe amati TKL, mabatani 87, imasiya malo ambiri oti mausi iziyenda ndipo mapewa sakhala otambasuka. Kungoti inu mwatchula GTA V, ndipo mmenemo ndege ndi helikopita zimawongoleredwa ndi manambala a kumanja aja, 4, 5, 6 ndi 8, ndiye mukagula TKL mudzafunika kusintha mabatani mu masetingi kapena kuwulutsa ndi mausi. Tating'ono ta 60% tija timaoneka bwino pa zithunzi koma tilibe mivi ngakhale F1 mpaka F12 pokhapokha mutadina Fn, pa kompyuta yomwe mumalemberanso za kusukulu mudzatopa nato.

Mwina mwamvaponso za makiyibodi a maginito, Wooting 60HE ndi anzake, omwe ali ndi rapid trigger, batani limasiya kugwira mukangoyamba kukweza chala. Mu CS2 zimathandizadi poima msanga kuti muwombe, koma mtengo wake mungagule nawo mausi zingapo, komanso mu August 2024 a Valve, eni ake a Counter-Strike, analetsa zinthu ngati Snap Tap ya Razer, zomwe kiyibodi imakusinthirani yokha pakati pa A ndi D, mukaiyatsa pa maseva awo amakutulutsani mu gemu. Ndiye musadzalipire ndalama zambiri chifukwa cha zinthu ngati Snap Tap zomwe mukazizimitse.

Za mpira wa Loweruka uja, kaya ndi EA Sports FC kaya eFootball, kiyibodi ya mtundu uliwonse siingakuthandizeni, pamafunika padi, chosewerera chogwira mmanja chija. Ya Xbox imagwira pa Windows mukangoilumikiza ndi waya, ndiye ngati patsala kenakake mutagula mausi ndi mphasa, ine ndikanayamba padi yachiwiri kuti anzanuwo asamalimbirane imodzi, kiyibodi ya mechanical idikire kumapeto kwa chaka. Mukayeza dzanja lija mundilembere masentimita ake ndi mmene mumagwirira, ndikuuzani pakati pa G102 ndi DeathAdder iti ikukhalani.