Funsani Atelala: Chojambula cha diresi si diresi

Funso: Akonzi, ndine telala ku Rosettenville, ku Johannesburg. Kasitomala anandibweretsera pa foni chojambula pamanja cha diresi lakale, ati ndi la m'ma 1950, akufuna akavale pachinkhoswe. Ndayesa kusoka pansalu yotchipa koma siketi yangoti lende ngati katani. Ndalakwitsa pati? Nanga ndingatsimikize bwanji zaka zake?

Yankho: Bambo, munachita bwino kuyamba ndi nsalu yotchipa. Vuto n'lakuti mwakhulupirira mayi wojambulidwa papepalayo. Ojambula mafashoni amatalikitsa thupi dala: msinkhu wa munthu weniweni ndi ngati mitu yake 7 ndi theka, koma iwo amaufikitsa pa mitu 9, ndipo zowonjezerazo zambiri amaziika m'miyendo. Choncho musaike tepi pachojambulacho. Onani pamene mpendero wathera poyerekeza ndi bondo ndi kakolo, ndiponso pamene chiuno cha diresi chili poyerekeza ndi chigongono, chifukwa chiuno cha munthu chimakhala cha pamenepo. Malo amenewo mukawapeze pathupi la kasitomala wanu.

Zaka zimaonekera pachiuno ndi pamapewa. Chiuno chotsikira m'munsi, diresi lowongoka ngati thumba, ndi m'ma 1920. Nsalu yodulidwa mopingasa, yotsata thupi, njira imene telala wa ku France Madeleine Vionnet anatchuka nayo, ndi m'ma 1930. Mapewa otukuka ndi siketi yaifupi yosadya nsalu ndi nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi zaka zotsatira, pamene ku Britain zovala zinkagulidwa ndi makuponi kuyambira 1941 mpaka 1949. Mapewa otsetsereka, chiuno chothina ndi siketi yotambalala yofika pakati pa katumba zinabwera ndi telala wina wa ku France, Christian Dior, mu February 1947, ndipo zinalamulira mpaka m'ma 1950. Onaninso zipi: pa madiresi ambiri a nthawiyo inkakhala yachitsulo, m'mbali mwa kumanzere.

Ngati lanulo lili m'gulu lomalizali, siketiyo ikufuna nsalu, osati yongokwanira ayi. Kuti ikhale yozungulira yonse, gawani muyezo wa m'chiuno ndi 6.28. Chiuno cha masentimita 76 chikupatsani 12, umene ndi muyezo wochokera pakati pa bwalo kufika pamzere wa chiuno. Onjezani kutalika kwa siketi, tinene 75, mupeza 87. Bwaloli mulidula m'matheka awiri, ndipo theka lililonse lidya masentimita 174 m'litali ndi 87 m'lifupi, ndiye kuti siketi yokha itenga mamita atatu ndi theka, musanawerengere misoko. Chitenje cha masentimita 115 m'lifupi chikwana, kungoti maluwa ake adzagona cham'mbali pena ndi pena, ndipo kasitomala auzidwiretu. Shweshwe, amene m'lifupi mwake ndi 90 basi, sakusiyirani malo a mpendero, ndiye mudule zigawo 6 kapena 8, mutayamba mwamuchapa chifukwa amabwerera.

Mukalumikiza siketiyo, ipachikeni usiku ndi usana musanapende. Mbali zimene zadulidwa mopingasa zimatamuka, ndipo amene wapenda tsiku lomwelo amaona mpendero ukukwera ndi kutsika. Chotsala ndi chimene wojambula sanajambule n'komwe: pitikoti ya neti yolimba mkati. Popanda iyoyo, ngakhale mutadula bwino chotani, kataniyo ibweranso.

Funso: Ndikuphunzira zosokasoka kuno ku Johannesburg ndipo ndikufuna kulemba za zovala za amayi akale. Zojambulazi ndingazipeze kuti? Kodi zingandiuze mmene agogo athu ankavalira? — Mtsikana wa ku Yeoville

Yankho: Achemwali, pa intaneti yambani ndi Victoria and Albert Museum ya ku London ndi Metropolitan Museum of Art ya ku New York, amene anaikapo zambiri zoona mwaulere. Kuno, Museum Africa ku Newtown imasunga zovala zakale zimene zinali kunyumba yosungira zovala ya Bernberg. Lembani kalata yopempha kaye, popeza zambiri sizikhala poonekera. Tengani pensulo, osati bolopeni, ndipo pojambula ndi foni zimitsani fulashi.

Werengani pepala lonse, ngakhale kuseri. Deti, nambala ya sitayilo, dzina la sitolo, kachidutswa ka nsalu kobayidwa ndi phini pakona: zimenezi n'zodalirika kuposa chojambulacho. Chopanda deti musachipatse chaka chimodzi, lembani zaka zisanu kapena khumi.

Koma pa za agogo, chenjerani. Chojambula chimasonyeza chimene wina ankafuna kugulitsa, makamaka kwa azungu andalama, ndipo ena mwa madiresiwo sanasokedwe n'komwe. Chiikeni pambali pa chithunzi cha kamera. Magazini ya Drum, imene inayamba mu 1951, ili ndi amayi a ku Sophiatown ngati woimba Dolly Rathebe, ndipo mudzaona mmene atelala a m'makomboni ankasinthira masitayilo akunja. Za kumudzi ndiye kusiyana n'kwakukulu: pamene ojambula a ku Ulaya ankadzaza mapepala ndi mathalauza a amayi m'ma 1970, ku Malawi lamulo la 1973 linaletsa amayi thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo. Umboni wa chilundu ndi duku uli mu alubamu ya kwanu. Funsani azakhali amene anasoka ndani, nsalu inagulidwa kuti, ndipo zithunzizo musazimate ndi selotepi kapena kuzikutira mu pulasitiki yotenthetsa, chifukwa guluu wake amalowerera m'pepala ndipo sachokanso.