Zoti mapemphero a ku Misa ndi ongobwereza

Mdzukulu wanga wandifunsa kuti agogo, ku Misa timangobwereza mawu omwewo sabata ndi sabata, si bwino kodi munthu kumangopemphera zochokera mumtima ngati amachitira anzanga? Funso labwino ndithu, khala pansi ndikuuze.

Ine ndinakula ansembe akuchita Misa mu Chilatini atatipatsa msana, ife kumbuyoku kumangoyankha osamva kanthu. Zinasintha utatha msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican mu 1965, ndiye Chichewa chinayamba kulowa, kenako ng'oma ndi zisekese. Ndiye ukamati mawuwa akukutopetsa dziwa kuti ena tinawadikira zaka.

Koma nkhani yanga si imeneyo. Tsiku lomwe agogo ako aamuna ankatisiya kuchipatala, usiku, mutu wanga unangoti balala, mumtima munalibe mawu olo amodzi oti ndiuze Mulungu, koma pakamwa panayamba pokha Tikuoneni Maria ndiye mayi wina amene ankadikirira wodwala wake pabedi loyandikana, sindimamudziwa nkomwe, anangolandira theka lachiwirilo mpaka tinamaliza Korona yense awiriwiri. Zochokera mumtimazo bwenzi atandithandiza bwanji mayi uja? Mawu obwerezawa ali ngati nkhokwe, umathiramo pomwe zinthu zili bwino, umakatapa mu Febuluwale.

Ndipo Lenti imagwera nthawi yomweyo ya njala, chimanga chisanache. Masiku 40 osala. Ine ndimaseka achinyamata mukamanyadira kuti Lachisanu sindinadye nyama, kwathu nyamayo tinkaiona pa Khirisimasi basi, ndiye kusala kwathu kunali kutapa ufa pang'ono m'thumba lomwe latsala pang'ono kutha nkukapatsa nkhalamba ya mu mphakati mwathu, madzulo Lachisanu Njira ya Mtanda, malo 14, kugwada nkudzuka, kugwada nkudzuka, mawondo ali fumbi lokhalokha. Mawondo angawa pano akukana koma ndimapitabe, ndimakhala pa benchi.

Belu la 12 koloko likalira tili kumunda, amayi anga ankaimika khasu pomwepo, mzere usanathe, kupemphera Angelus, pemphero lokumbukira uthenga wa mngelo kwa Maria, kenako nkupitiriza. Wotchi kunalibe. Iwe foni yako ili ndi alamu koma imangokudzutsira mpira wa ku England.

Sindikuti usamalankhule ndi Mulungu m'mawu akoako ayi, lankhula naye, mudandaulire za fizi, za ntchito, ngakhale za mtsikana uja ukuganiza kuti sindikumudziwa. Ine ndimatero ndikamasesa m'mawa.

Kanjedza uja unandifunsa kuti bwanji sinditaya, wouma uja ndinatsomeka kuseri kwa mtanda pabalaza, ndi wa Lamulungu la Kanjedza chaka chatha. Amatentha ameneyo nkupeza phulusa lotipaka pachipumi Lachitatu la Phulusa. Ukabwera kumapeto a sabata ino ukanditulire ku parishi, ndipo uvale thalauza lofika m'chiuno.