Ubale wa Malawi ndi Mozambique: kugwirana chanza kwa atsogoleri kumatipatsa chiyani?

Wowerenga wina wa kwa Jali watitumizira imelo. Funso lake, mwachidule: atsogoleri a Malawi ndi Mozambique akakumana timamva kuti "agwirizana kulimbitsa ubale", koma mizere ya mafuta pano pa Zomba siisintha. Ndiye ubalewo ndi chiyani kwenikweni, nanga tingadziwe bwanji kuti ukugwira ntchito?

Achimwene, tiyambire pa mapu. Malawi alibe nyanja yamchere, ndipo chigawo chonse chakummwera chazunguliridwa ndi Mozambique mbali zitatu. Madoko apafupi ndi Beira ndi Nacala. Durban ndi Dar es Salaam aliko, koma ulendo wake ndi wautali, ndipo mtunda uliwonse woonjezera umakalowa mu mtengo wa thumba la feteleza. Choncho ife Mozambique timamufuna kwambiri kuposa mmene iye amatifunira. Amene waiwala zimenezi pa zokambirana, amabwerako chimanjamanja.

Chikalata chimene atsogoleri amawerenga akamaliza kukumana sichimanga boma lililonse. Ntchito yeniyeni imachitika mu komiti yokhazikika ya mayiko awiriwa, imene amaitchula kuti JPCC. Akuluakulu a m'maunduna amayamba kukumana okha, kenaka alembi aakulu, pomaliza nduna. Palinso komiti ina yoona za chitetezo. Zimene agwirizana zimalembedwa mwina ngati MoU, imene ili chabe lonjezo, kapena ngati pangano lenileni. Pano pa Malawi, gawo 211 la malamulo aakulu a dziko limati pangano la pakati pa mayiko limakhala lamulo lathu pokhapokha Nyumba ya Malamulo italikhazikitsa. Likadutsa apo, pafunika ndalama mu bajeti, ndiponso kalata yopita kwa ofesala wa MRA ndi wa Immigration pa Mwanza, Dedza, Muloza, Chiponde, Nayuchi ndi Marka. Mapangano ambiri amafera pa masitepe awiri omalizawa. Ofesala wa pachipata satsata zimene wamva pa wailesi, amatsata pepala lomwe lili pa desiki yake.

Taonani zitsanzo ziwiri, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Mu Okutobala 2010, Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje. Robert Mugabe ndi Rupiah Banda anabwera, koma Armando Guebuza, pulezidenti wa Mozambique pa nthawiyo, mwini madzi a Zambezi amene sitimazo zinayenera kudutsamo, sanabwere. Boti limene linanyamula feteleza kuti likaonetse kuti njirayo ikutheka linagwidwa mbali ya Mozambique. Iwo anati pafunika kaye kafukufuku wa zachilengedwe. Ife tikuona kuti chifukwa chachikulu chinali china: njira ya pamadziyo ikanachotsa katundu pa njanji ndi madoko awo. Tinamanga khomo pa mpanda wa mnzathu tisanamufunse.

Njanji ya Nacala ndi nkhani yosiyana. Chigawo cha Nkaya mpaka Nayuchi chinatsegulidwa mu 1970. Patapita zaka zambiri, kampani ya Vale inafuna njira yachidule yotengera malasha kuchokera ku Moatize kupita kunyanja, ndipo njira yachiduleyo inadutsa m'Malawi. Anamanga njanji yatsopano kuchokera malire akumadzulo kukalumikiza pa Nkaya, n'kukonzanso yakale. Mukaima pa Liwonde, mudzaona sitima ya malasha ikuwoloka Shire, mabogi akuda akungotsatana mpaka kutopa kuwerenga. Iyi ikuyenda chifukwa ikaima, Mozambique ndiye woyamba kuluza. Vuto lake ndi loti malasha ndiwo amapatsidwa mpata woyamba, ndiye funso lofunika kufunsa nduna ndi lakuti mabogi angati pa sabata asungidwira mafuta ndi feteleza wa Malawi, ndipo pa mtengo wanji.

Magetsi nawo ndi chimodzimodzi. Joyce Banda ndi Guebuza anasainirana mu 2013 za kulumikiza mawaya, ndipo ntchitoyo ndi ya waya wa 400kV wa makilomita pafupifupi 218 kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya m'boma la Balaka, kuyamba ndi 50MW. Waya wokhawo sauyatsa babu. Pafunika pangano la malonda pakati pa ESCOM ndi EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, ndipo magetsiwo amalipiridwa ndi ndalama zakunja, zomwe zikutivuta kale pogula mafuta.

Kukayikirana kunachokera kutali. Kamuzu anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, ndipo ankagwirizana ndi Apwitikizi pamene Frelimo, gulu lomenyera ufulu wa Mozambique, inali kuthengo. Mu Seputembala 1986, pulezidenti wa Mozambique Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza kuti asiye kulekerera Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma la Mozambique. Patangotha mwezi, pa 19 Okutobala, Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Komabe dziko la Malawi lomweli linatumiza asilikali kukalondera njanji ya Nacala, ndipo linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ku Maputo amakumbukira zonse ziwiri.

Pano kwathu ubalewu umayezedwa pa Chilwa. Maboti a pa Kachulu amawolotsa anthu, nsomba ndi chimanga, ndipo Alomwe ndi Ayao a mbali ziwirizi ndi pachibale. Koma nthawi yotseka nyanja kuti nsomba ziswane ikamatsatidwa mbali imodzi yokha, msodzi amangopalasira tsidya linalo. Nkhani ngati iyi imatha msanga DC wa Zomba akamakumana ndi mnzake wa tsidya, mafumu ali pomwepo, kusiyana ndi kudikira Lilongwe ndi Maputo. Dziwaninso kuti Mozambique sali mu COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, ndiye wamalonda asadalire mapepala a COMESA pa Nayuchi. Kumeneko zimayendera malamulo a SADC ndi pangano la malonda la mayiko awiriwa.

Za mizere ya mafuta, ubale wabwino suthetsa kusowa kwa madola. Umangothandiza kuti mafuta ogulidwa kale afike. Zipolowe zitabuka ku Mozambique chisankho cha Okutobala 2024 chitatha, matanka a mafuta anavutika kudutsa pa msewu wa Beira, ndipo anthu masauzande anathawira ku Nsanje, ngakhale maboma awiriwa sanali pa mkangano uliwonse. N'chifukwa chake njira ya Dar es Salaam siyenera kusiyidwa.

Atsogoleri akadzakumananso, fufuzani ngati chikalata chawo chatchula tsiku lomalizira ntchito, unduna umene uyankhepo, ndi komwe ndalama zichokere. Kenaka funsani dalaiva wa thiraki kuti pa Zobue, chipata cha Mozambique tsidya la Mwanza, akugona masiku angati.