Mwana wanga akupukwa kunja, ndimutumizire chiyani?

Mayi wina wandilembera imelo, ndipo chimake cha funso lawo ndi ichi:

"Mwana wanga wamwamuna anapita kunja kukagwira ntchito, miyezi tsopano ikutha. Pafoni amangoti ali bwino, koma ine ndine mayi wake, mawu ake ndimawadziwa. Mwanayo akupukwa. Ndasonkhanitsa zoti ndimutumizire mpaka zadzaza katoni yaikulu, koma nditafunsa mtengo wotumizira ndinangoti kakasi. Ena akundiopseza kuti a kasitomu akazitaya zonse. Ndiikemo chiyani, ndisiye chiyani, nanga nditumize bwanji?"

Mayi, yambani ndi kukhutula katoniyo. Yalani zonse patebulo, ndipo pa chinthu chilichonse dzifunseni ngati mwana wanu sangachipeze komwe aliko. Shuga, sopo wochapira, mafuta ophikira, mataulo, zimenezi zili m'sitolo iliyonse padziko lapansi, ndipo mukazitumiza pa ndege mudzalipira koposa mtengo wake weniweni. Mizinda ikuluikulu ngati London, Toronto kapena Dubai ilinso ndi timasitolo ta anthu obwera, togulitsa zakudya za m'mayiko osiyanasiyana, moti mwina theka la zimene mwasonkhanitsazo iye amazidutsa tsiku ndi tsiku popita kuntchito.

Maphukusi otchuka a bungwe lothandiza anthu la CARE, amene anayamba kufika ku Le Havre m'dziko la France mu 1946, anali olemera chifukwa ankapita kwa anthu anjala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Oyambawo munali chakudya cha asilikali a America chimene chinatsala kunkhondoko. Mwana wanu sali pa njala. M'mimba mwake ndi mokhuta, chimene chikumusowa ndi kwawo, ndipo kwawo sikulemera makilogalamu 20. N'chifukwa chake ine ndimakonda phukusi laling'ono lolunjika munthu wake, lofika bwinobwino, kusiyana ndi chikatoni chimene chingakwanire aliyense.

Koma kuti mudziwe cholunjika iyeyo, funsani mwanzeru. Mukati "ukufuna ndikutumizire chiyani?" yankho mukulidziwa kale: "Musavutike amayi, zonse zilipo." Mwana amene anapita kukasaka ndalama amachita manyazi kupempha kwa makolo amene iye amayenera kuwathandiza. M'malo mwake mufunseni kuti ndi chiyani chimene wachifunafuna m'masitolo osachipeza, kapena chimene anachipeza koma sichikukoma ngati cha kunyumba. Apo adzamasuka, mwinanso adzadandaula kwa mphindi khumi za tiyi wosamveka fungo. Ngati ali ndi mlongo wake kapena mnzake wapamtima amene amacheza naye usiku pa WhatsApp, mutumeni ameneyo. Ana amauzana zimene sauza makolo.

Zimene zimagwira mtima kwambiri ndi zafungo. Zimenezi zili ndi chifukwa chake m'thupi: mitsempha ya m'mphuno imalumikizana mwachidule kwambiri ndi mbali za ubongo zosunga zikumbukiro ndi zokhudza mmene munthu akumvera, pamene zimene timaona ndi kumva zimayamba zadzera kwina. Ndiye chifukwa chake kafungo ka sopo wosambira amene munthu anakulira kamamubweza kunyumba msanga kuposa chithunzi cha pafoni. Choncho ganizirani za tiyi amene mumamwa pakhomo panu, zokometsera ndiwo zouma zimene dzanja lanu linazolowera, sopo uja, mafuta odzola aja, maswiti amene ankawalirira ali wamng'ono. Zonsezi n'zopepuka ndipo sizionongeka msanga.

Chinanso chimene ambiri amachiiwala ndi pepala. Mulembereni kalata ndi dzanja lanu, ngakhale mumalankhulana pafoni tsiku lililonse. Uthenga wa pafoni umakwiririka ndi mauthenga ena mazana pofika madzulo, pamene kalata imakhala m'dirowa ndipo amaitulutsa tsiku limene zinthu zamuvuta. Musaidzaze ndi malangizo ayi, amenewo anawamva pa tsiku lonyamuka. Lembani nkhani zazing'ono: galu wachita zotani, ndani wakwatira, mtengo uja wa kuseri kwa nyumba wabereka bwanji chaka chino. Adzukulu kapena ang'ono ake ajambulepo zithunzi zawo zokhotakhota. Tsukitsaninso zithunzi zingapo zoti akamate pakhoma, chifukwa chipinda cha lendi cha kunja chimakhala mbee, chopanda chilichonse chosonyeza kuti muli munthu amene ali ndi abale. Ndipo ngati pali chakudya chimene amachikonda kwambiri, mulembereni kaphikidwe kake mwatsatanetsatane. Musalembe kuti "thira mchere pang'ono", chifukwa pang'ono wanu iye samudziwa. Tengani supuni muyeze, muone pawotchi kuti mphika umakhala pamoto mphindi zingati, mulembenso mmene chimaonekera chikapsa. Zimene zili m'botolo zidzatha pakangopita milungu, koma pepalalo adzaphikira nalo zaka.

Tsopano za a kasitomu. Amene akukuopsezaniwo sakunama kwenikweni, koma malamulo ake ndi odziwika ndipo ali poyera pa intaneti, pa masamba a boma la dziko limene phukusi likupita. Mwana wanu ndiye angawaone mosavuta, mumuuze achite zimenezo musanamate katoni. Lamulo lofala kwambiri ndi la nyama ndi mkaka. Mayiko a European Union salola nyama, mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku zimenezi m'maphukusi a anthu wamba ochokera m'mayiko ambiri a kunja kwa mgwirizanowo, kaya nyamayo ndi youma, yophika kapena ya m'chitini. Britain nayo ili ndi lamulo longa lomweli. Sikuti amangofuna kuvutitsa anthu. Mu 2001 ku Britain kunabuka matenda a ziweto a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi, ndipo ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa pofuna kuthetsa mliriwo. Kachilombo koyambitsa matendawa kamatha kuyenda m'nyama, ndiye wa kasitomu akaona kanyama kanu kouma saona chikondi cha mayi, amaona mliri.

Australia ndi New Zealand ndiwo okhwimitsa zedi, chifukwa ndi zilumba zimene zilibe tizilombo tambiri tovutitsa ulimi kwina. Kuyambira mu 2020 Australia inaletsa kutumiza pa positi zinthu monga mpunga ndi nyemba zouma poopa kachilombo koboola mbewu kotchedwa khapra, kamene kamatha kubisala nthawi yaitali osadya. Mbewu zodzala, zipatso zaziwisi, masamba aawisi, dothi, nthenga, izi musaziyerekeze kulikonse. Uchi ndi chitsanzo chabwino cha mmene malamulo amasiyanirana: ku European Union amalola mpaka makilogalamu 2, pamene ku New Zealand salola uchi wochokera m'mayiko ambiri poteteza njuchi zawo. Ndipo zina zimangodabwitsa. Ku America chokoleti cha Kinder Surprise, chija chokhala ngati dzira ndi kachidole m'kati, ndi choletsedwa chifukwa cha lamulo la 1938 lokana kubisa chinthu chosadyedwa m'kati mwa chakudya. Mwachidule, chakudya chouma, cha kufakitale, chomatidwa m'paketi yake yolembedwa zimene zili m'kati, ndicho chimadutsa mosavuta. Cha ufa chopanda dzina chimene mwathira m'jumbo chimakopa maso, ndipo wofufuza akakayika amangochitaya.

Mankhwala samalani nawo kwambiri. Amene kwina munthu amangogula pa famase, kwina ndi mlandu. Ku United Arab Emirates mankhwala okhala ndi codeine kapena tramadol amafuna chilolezo, ndipo Japan imakhwimitsa pa mankhwala ena a chimfine okhala ndi pseudoephedrine. Amene adzayankhe mafunso ndi mwana wanu, poti dzina lili pakatoni ndi lake. Palinso zimene ndege zimakana kunyamula kapena kuikira malamulo okhwima poopa moto: pefyumu, zopopera za m'zitini, machesi, polishi wa zikhadabo, mabatire a lithium apaokha. Kabotolo kamodzi ka pefyumu kangabwezetse phukusi lonse.

Pa positi ofesi adzakupatsani fomu ya kasitomu. Ya maphukusi aang'ono osapitirira makilogalamu 2 komanso otsika mtengo imatchedwa CN22, ya okulirapo ndi CN23, ndipo mafomuwa ndi ofanana m'mayiko onse a m'bungwe loona za positi padziko lonse la Universal Postal Union. Musangolembapo kuti "zakudya" kapena "mphatso". Tchulani chilichonse ndi kuchuluka kwake, m'chilankhulo chimene a kasitomu a kumeneko angawerenge: mapaketi awiri a tiyi, sopo atatu, zithunzi, kalata. Chongani pamene palembedwa kuti ndi mphatso, ndipo mtengo mulembe woona. Mayiko ambiri sadula msonkho pa mphatso yaing'ono yochokera kwa munthu kupita kwa munthu mnzake: ku European Union malire ndi 45 euro, ku Britain ndi mapaundi 39, ku Canada ndi madola 60 a kumeneko, ku America ndi madola 100. Mukapitirira pamenepo, mwana wanu angauzidwe kuti alipire asanalandire katunduyo, ndipo mphatso yobwera ndi bilu siikoma. Apanso phukusi laling'ono lapambana.

Mtengo umene unakuimitsani mutu uja mwina sunabwere chifukwa cha kulemera kokha. Makampani onyamula katundu pa ndege monga DHL amayezanso kukula kwa katoni. Amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, n'kugawa ndi 5000, kenako amayerekeza zotsatirazo ndi zimene sikelo yanena, n'kukulipiritsani chimene chakula. Katoni ya masentimita 40 ndi 30 ndi 30 imawerengedwa ngati makilogalamu 7.2 ngakhale mutaikamo bulangete lolemera makilogalamu 2 okha. Ndiye bulangete, pilo ndi majuzi okhuthala zisiyeni. Komanso kunena zoona, zovala za m'nyengo yozizira amapanga bwino ndi anthu amene amakhala m'chisanumo, akagule komweko. Positi wamba ndi wotsikirapo mtengo koma amachedwa. Njira iliyonse imene mwasankha, lipirirani nambala yolondolera phukusi.

Polongedza, ganizirani kuti katoniyo idzaponyedwa, idzatsamiridwa ndi zolemera, mwinanso idzakhala padzuwa pabwalo la ndege. Botolo lililonse likulungeni tepi pachivindikiro, muliike m'pulasitiki yakeyake, mumange, muikenso m'pulasitiki ina. Sopo asayandikane ndi tiyi kapena mabisiketi, apo ayi mwana wanu adzamwa tiyi wonunkha sopo mwezi wathunthu. Chokoleti chimasungunuka, magalasi amasweka. Zolemera pansi, kalata ndi zithunzi m'envelopu pamwamba penipeni kuti ndizo ayambe kuziona. Mipata yotsala itsekeni ndi nyuzipepala zakale za kwanuko, ndipo musadabwe akadzaziwongola n'kuyamba kuziwerenga. Mukamaliza gwedezani katoniyo: ngati muli chimene chikugubuduka, onjezani mapepala. Adiresi ndi nambala ya foni yake mulembe kunja, mulembenso pa kapepala kena m'kati kuchitira kuti ya kunjayo ingafufutike.

Ena amadikira munthu wapaulendo kuti awanyamulire. Njirayi ndi yachangu ndipo nthawi zambiri siilira ndalama, koma ili ndi ulemu wake. Ndege zambiri zimalola chikwama cha makilogalamu 23, ndipo wapaulendoyo ali ndi katundu wake komanso abale ena amene amupempha kale. Mupatseni kanthu kochepa, ndipo musamate. Mulekeni aone chilichonse ndi maso ake, chifukwa pabwalo la ndege akafunsidwa ngati walongedza yekha, ndiye amene adzasenze mlandu wa zonse zili m'chikwamamo. Akakana musamusungire chakukhosi. Anthu akhala akumangidwa chifukwa cha timaphukusi ta eni ake timene sanatitsegule.

Za nthawi yotumizira, ambiri amathamangira Khirisimasi, pamene positi imadzaza ndipo katundu amachedwa. Ngati mukufuna lifike pa chikondwerero, tumizani kukadali milungu yambiri. Koma kwa munthu amene ali kumpoto kwa dziko lapansi, miyezi yowawa ndi January ndi February, zikondwerero zitatha, kunja kukuda 5 koloko isanakwane, anzake onse atabwerera ku zawo. Phukusi lofika nthawi imeneyo, popanda chifukwa chilichonse, limagwira ntchito yaikulu. Choncho ndalama imene mukanathera pa chikatoni chimodzi igaweni patatu. Tumizani kaphukusi kosapitirira makilogalamu 2 tsopano, mumve kuti kafika bwanji, a kasitomu atsegula kapena ayi, iye wakondwera ndi chiyani. Kachiwiri mudzalongedza mukudziwa.

Musanapite ku positi, mufunseni adiresi yonse monga imalembedwera kumeneko, ndi nambala ya chipinda komanso khodi ya dera, ndipo mutsimikize kuti sakusamuka posachedwa, poti anthu ongofika kumene amasinthasintha nyumba. Ndikudziwa kuti mungakonde kumudzidzimutsa, koma muuzeni ndithu kuti phukusi lili m'njira ndipo mumutumizire nambala yolondolera ija. Akapanda kumupeza pakhomo amakalisunga masiku owerengeka okha, kenako amalibweza kwa inu.