Yankho la azakhali pa kulosera, kunenera ndi kuombeza

Eya mwana wanga, funso lako ndaliona. Ndangoti ndijambule mawu, chifukwa ndikati ndilembe zonsezi pafoni kunja kuda. Wati dzulo unauza agogo ako kuti "a zanyengo aombeza kuti mvula ichedwa", iwo nkukudzudzula, ndiye ukufunsa ngati kuombeza, kulosera ndi kunenera si chinthu chimodzi. Si chimodzi ayi. Agogo ako sanalakwitse, komanso iwe usachite manyazi, wakulira ku Johannesburg ndipo mawu amenewa sunawamve m'malo mwake.

Mawu amene umafuna ndi kulosera. A zanyengo amalosera. Ukatsegula wailesi umva kuti nthambi yoona za nyengo yalosera mvula yamphamvu m'maboma akum'mwera. Azichimwene ako akamakangana za Bullets ndi Wanderers, wina nkuti zithera 2-1, akulosera. Munthu wolosera amayang'ana zimene zikuoneka lero nkunena za mawa, ndipo aliyense amadziwa kuti akhoza kuphonya. Bambo athu, agogo ako aamuna aja, ankatero. Akaona nyerere zikusamutsa mazira, anamzeze akuuluka m'munsi, kutentha kwa Okutobala kwafika pomwe munthu sugona, amati konzani mbewu. Ikagwa mvula yoyamba ija amatiletsa kudzala, amati iyi ndi chizimalupsa chabe, yangobwera kudzazimitsa lupsa. Mango akachuluka kwambiri amati chaka chino kuli njala. Nthawi zina zinkachitikadi, nthawi zina ayi, koma palibe anawatchapo wabodza, chifukwa iwo sananenepo kuti auzidwa ndi wina. Amangowerenga zimene aona.

Kunenera ndi kwina. Apo munthu akuti mawuwa si anga, ndatumidwa ndi Mulungu. Ndiye mneneri, aneneri, uneneri, monga timawerengera m'Buku Lopatulika za Yesaya ndi Yeremiya. Ndipo taona, aneneri aja nthawi zambiri sankakamba za mawa zokha, ankadzudzula mafumu pa zimene akuchita lero lomwe. Mawu oti ulosi amalowa mbali zonse ziwiri, umva ulosi wa Danieli, umvanso ulosi wa zanyengo, palibe cholakwika. Koma kunena kuti a zanyengo anenera, aa, anthu akuyang'ana kawiri. Pali kamawu kena kofanana nako, kuneneratu. Kameneko nkamasiku onse, tanthauzo lake kunena zisanachitike basi. Mayi ako akati "ndinaneneratu kuti mphika uwu upserera", sakudzitcha mneneri. Ka "ratu" kameneko nkomwe kali mu kudziwiratu, kuoneratu, kukonzekeratu.

Tsopano kuombeza, pamene agogo ako anakwiyira. Kuombeza ndi kwa sing'anga, ndi ula wake, ena nsupa. Timati akaombeza maula, kapena apita ku ula. Chimene anthu ambiri sachiganizira nchakuti woombeza kawirikawiri safunsidwa za kutsogolo. Amafunsidwa za m'mbuyo. Mwana wadwala, mbuzi zikufa, katundu wasowa, ndiye banja limapita kukafunsa kuti wachita izi ndani. Ndipo yankho limagwera munthu, kawirikawiri nkhalamba ya m'mudzi momwemo. Agogo ako anaziona zimenezi ali mtsikana, mayi wina wachikulire atathamangitsidwa m'mudzi chifukwa ula unamuloza, nyumba yake nkugwetsedwa. Mpaka lero akamva mawu amenewa mtima umawawawa. Ndiponso dziwa kuti kuno kwathu lamulo la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ngakhale anthu akuchitabe. Ndiye iwe utati a zanyengo aombeza, kwa iwo zinamveka ngati ukuti anthu a kompyuta aja akhala pamphasa ndi nsupa.

O, ndisanaiwale, usamale ndi mawu atatu awa chifukwa m'kamwa mwa mwana wokulira kunja amasokonekera: kulosa, kuloza, kulodza. Kulosa ndi kunena za kutsogolo, kuloza ndi kwa chala, kulodza ndi kwa mfiti. Ukaphonya chilembo chimodzi pamaliro, nkhani yake ikhala yaitali.

Palinso malodza. Awa si mawu a munthu, ndi chinthu chachilendo chimene chachitika, anthu nkuti chikutiuza zoipa. Kadzidzi akalira padenga usiku, akulu amati malodza, kubwera uthenga wa maliro. Mwana akamangolira popanda chomupweteka amati akulaula. Masiku ano umva munthu akuti "ndaona malodza" poti waona mtengo wa shuga m'golosale, mawuwo apepuka. Zina nzabwino, monga m'manja mukayabwa timati kukubwera ndalama. Maloto nawo sitilosera, timamasulira, monga Yosefe anamasulira maloto a Farao, zaka 7 za dzinthu ndi zaka 7 za njala.

Koma chimene chimandipweteka ine nchakuti anthu athu ambiri amaika zonsezi m'dengu limodzi, nkumati za mawa adziwa ndi Mulungu yekha. Inde adziwa ndi Mulungu, ine ndine wa Mvano, sindikana. Koma ukukumbukira Marichi wa 2023, namondwe Freddy? A zanyengo anachenjeza masiku angapo zisanachitike, pawailesi, pamafoni. Ine ndinamva ndi makutu anga anthu m'minibasi akuti aa, amangonena awa, tsiku lija anati igwa koma kunawala dzuwa. Kenako matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi inakokoloka, anthu mazanamazana anapita. Sindikuti onse akanapulumuka, ena analibe kothawira nkomwe. Koma ena akanamva kuti mawu amenewa ndi a munthu amene waona namondweyo pa zithunzi za m'mlengalenga akubwera kuchokera kunyanja ya India kudzera ku Mozambique, akanasamuka. Dzinja lotsatira chimodzimodzi, analosera El Niño, kusintha kwa nyengo komwe kawirikawiri kumabweretsa ng'amba kuno, mvula isanayambe, ng'amba inabweradi, ndipo mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Amene anamva anadzalako chinangwa ndi mbatata, ena chimanga chocha msanga. Ife kumunda kwa agogo ako tinatero, nchifukwa chake sitinakuvutitseni kwambiri ndi za ufa chaka chimenecho.

Ndiye ukawaimbira agogo ako madzulo ano, unene kuti "agogo, a zanyengo alosera kuti mvula ichedwa". Uwafunsenso kuti iwo akuona bwanji mango a kuseri kwa khola aja, akuuza zambiri kuposa ine. Ndipo uwauze bambo ako kuti ya feteleza ija atumize mwezi uno usanathe, tisadikire mitengo ikwere. Moni kwa onse kumeneko.